Mpanda wa pa Kawira

Achimwene anga a Bakali anali telala. Akakhala pa makina awo pakhonde la golosale kuno ku Chowe, tepi ili m'khosi, kulira kwa makinawo munkakumva muli ku chigayo. Ankasoka mayunifomu a ana asukulu, mikanjo ya pa Idi, ngakhale zigamba za anthu osalipira. Ine ndine Ajira, mlongo wawo wamng'ono, ndipo ndikunena za iwo chifukwa anthu ayamba kale kumati anafa ndi ukalamba. Ukalamba wake uti? Munthu imvi zinali zisanakwane n'komwe m'mutu.

Vuto lawo linali miyendo. Nyamakazi inawagwira akadali ndi mphamvu, pomwe makina a telala amafuna mapazi. Mankhwala awo anali pa Kawira, kasupe wa madzi otentha amene ali kuseri kwa mudzi wathu, m'munsi mwa phiri. Akatuluka mu mzikiti m'mawa ankatsetsereka ndi ndodo, n'kukaviika miyendo mpaka m'mawondo. Pobwerako ndodo ija inkakhala paphewa. Tsiku lonse ankapalasa makina ngati mnyamata.

Akazi awo anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi, Nuru. Ali wamng'ono ankapita naye ku Kawira, ndiye mwanayo ankafunsa kuti, "Ababa, madziwa akuwatenthetsa ndani?"

"Sindikudziwa," ankatero iwo. "Ukadzaphunzira udzandiuze."

Mwana uja anazitenga zenizeni. Anapita ku yunivesite ku Zomba kukaphunzira za miyala ndi za pansi pa nthaka, atamaliza n'kuyambanso digiri yachiwiri. Ine ndinkawaseka achimwene kuti mwana wamkazi kuphunzira miyala, adzadya miyalayo? Iwo ankangopalasa makina.

Chaka china kunabwera kampani yofufuza zopanga magetsi ndi kutentha kwa pansi pa nthaka. Inatenga ophunzira angapo kuti aphunzire ntchito akugwira nawo. Aliyense anamuuza kuti ayeze kasupe mmodzi, ndipo wochita bwino adzamutumiza ku Kenya, kumene magetsi otere akupanga kale. Nuru anasankha Kawira.

Anafika atavala majombo, chipewa cholimba chili pamwamba pa mpango, atanyamula mabotolo ndi kachitsulo koyezera kutentha. Achimwene anavundikira makina ndi nsalu, n'kumamutsatira tsiku lililonse. Anamusokera chikwama chokhala ndi timatumba, botolo lililonse kathumba kake. Munthu akadutsa ankamuimitsa. "Mwamuona injiniya wanga?" Ndinkachita kuwagwira mkono kuti achimwene, anthu ali ndi kopita.

Madzi aja anapezeka otentha mokwanira, ndipo Nuru ndiye anasankhidwa. Asananyamuke anatifotokozera kuti akampani adzakumba chitsime chakuya, ndiye adzamanga mpanda kuti ana asapse. Koma kunja kwa mpandawo adzaika mpopi ndi bafa la simenti la anthu a m'mudzi.

"Ndalemba ndekha mu lipoti, ababa," anatero. "Mpopi wanu udzakhalapo. Simudzavutikanso kutsika m'miyala muja."

Mpanda unabwera msanga, wawaya, wautali kuposa munthu. Bafa anamangadi, mpopi anaikadi. Madzi ndiwo sanatuluke. Tikafunsa ankati akudikira mapaipi. Kenaka ankati akudikira abwana. Kenaka sankayankha.

Ndinayesa kumawatenthetsera madzi mumphika pamoto n'kuthira m'beseni. Ankaviika pang'ono, madzi n'kuzizira, iwo n'kundithokoza ngati mlendo. Mawondo anatupa. Mayunifomu anthu anayamba kupita nawo kwa telala wina wa kumsika. Makina anakhala chete pakhonde paja, nkhuku n'kumagona pansi pake.

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Ndipatseni foniyo ndimuuze mwanayu. Iyeyo ndiye akuwadziwa anthu amenewa."

"Ajira, khala pansi," anatero achimwene. "Mwana uja mtima anatengera iweyo. Ukamuuza asiya zonse, abwera kudzakangana ndi mabwana ake, ndipo amuchotsa. Ndapalasa makina moyo wanga wonse kuti afike kumene aliko. Musiye amalize."

Anandilumbiritsa, ndipo ndinalumbira. Lamlungu lililonse Nuru ankaimba, ine ndili pomwepo.

"Ababa, mpopi uja ukutuluka bwino?"

"Otentha kwabasi, mwanawe. Ndikuchita kuthamanga."

Ndinkatuluka panja chifukwa zinkandiwawa kumva. Koma m'mawa uliwonse ankanyamukabe ndi ndodo yawo, n'kubwerako dzuwa litakwera. Ndinkaganiza kuti akuchedwa mu mzikiti, poti ntchito analibenso.

Munthu wozolowera kugwira ntchito akakhala pansi, matenda ena amamupeza. Anadwala chifuwa m'nyengo yozizira, ndipo m'mawa wina anatisiya. Kwathu kuno maliro sagona, choncho Nuru sakanatha kufika. Kuyambira kale achimwene ankanena kuti akadzafa adzawasambitse ndi madzi a pa Kawira. Ashehe anatuma amuna awiri ndi ndowa. Anabwerako ndowa zili zouma, akuti makiyi a geti ali ndi abwana ku tauni. Madzi owasambitsa ndinatenthetsa ndine, mumphika womwe uja, ndipo ndinalira mpaka amayi anzanga anandichotsa pamoto.

Nuru anabwera pa sadaka ya abambo ake, maphunziro atamaliza, ntchito atamulonjeza. Anakhala nthawi yaitali pafupi ndi makina, akupukuta fumbi ndi nsonga ya mpango. Kutacha anatenga ndowa.

"Azakhali, tiyeni ndikaone mpopi wa ababa."

Ndinamutsatira. Njira yonse ndinkafuna kumuuza, koma ndinangoyenda pambuyo pake. Titafika, m'bafa muja munali masamba ouma ndi ndowe za mbuzi. Nuru anatsegula mpopi, unangolira, osatuluka ngakhale dontho. Anatseka, n'kutsegulanso. Anandiyang'ana.

"Unaphwa liti?"

"Sunatulukepo, mwananga."

Anaika ndowa pansi. Pamenepo mlonda wa pageti, a Atumani, mlendo kuno, anabwera kudzatipatsa moni. Ine anandizindikira, koma Nuru sankamudziwa.

"Pepani ndi maliro a atelala, amayi," anatero. "Ndikuwasowa. M'mawa uliwonse ankabwera kudzakhala pamwala apo." Analoza pansi pa waya, pamene timadzi tofunda tinkadontha n'kupanga kamatope kosakwana ngakhale phazi lonse. "Ankapondetsa zidendene zawo pamenepo, chimodzi kenaka chinzake. Ine chisoni, ndinkafuna kuwalowetsa, koma makiyi sindikhala nawo. Tsiku lina ndinawauza kuti, madala, anthu amene anatseka malo ano analibe chifundo. Anandikalipiratu."

"Anati chiyani?" anafunsa Nuru.

"Anagwira waya uyu, n'kumausisita. Anati, 'Iwe, uzilankhula bwino. Mpanda uwu ndi ntchito ya mwana wanga.'"