Nthanga M'malo mwa Mtedza

Kamtondo kaja kanali ndi mng'alu kuyambira kukamwa mpaka pakati, ndipo amayi anakamanga ndi waya kuti kasamalizike kusweka. Sikanali ka chimanga ayi, kanali ka nsinjiro basi. Ngakhale ukatsuke bwanji, ukalowetsamo mphuno unkamva fungo la mtedza wa zaka zambiri. Ine ndinkakonda kukanunkhiza, pakuti mphuno ndi lilime ndizo ndinkanyadira ndili mwana. Nzeru za m'kalasi zinkandivuta, koma mukandipatsa ndiwo ndinkakuuzani chilichonse chimene chalowamo.

Nyengo imene ndikunenayi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili sitandade 3 pasukulu ina kufupi ndi Namitambo, masiku aja tinkaphunzirira pansi pa mtengo chifukwa cha kuchuluka kwa ana. Chaka chimenecho chimanga chinatha m'nkhokwe kuzizira kusanathe n'komwe. Bambo anali atapita ku Limbe kukasaka ntchito, ndipo anangoti zii. Pakhomo tinatsala atatu: amayi, ine ndi mng'ono wanga wa zaka ziwiri. Amalume ankakhala kwa akazi awo kutsidya kwa mtsinje, koma munda wathu wa kumtunda ankauyang'anira ndi iwo, ndipo zokolola zake tinkagawana.

Amayi anali katswiri wosintha zophika mwakachetechete. Ufa ukachepa ankasakanizamo gaga ndi ufa wa makaka, chinangwa chouma chija. Soda ikatha ankatentha zitsononkho, phulusa lake n'kulithira madzi m'kachitini koboola pansi, therere n'kupsa ndi chidulo. Matimati akasowa ankadulira tizidutswa ta mango aawisi m'masamba kuti ndiwo ziwawaseko. Shuga wawo anali nthochi yakupsa yoponderezedwa ndi supuni. Munthu wina akanadya n'kuthokoza. Ine ayi. Ndikangolawa ndinkalengeza ngati wapatsidwa ntchito ndi boma: “Umu muli makaka!” kapena “Matimati mulibemo umu!” Amayi ankangoti, “Tadya iwe, usatisokose.” Lero ndikakumbukira kamtsikana kameneko ndimalakalaka nditakatseka pakamwa ndi dzanja langa lomwe.

Dzuwa la Okutobala litayamba kuswa mtengo, mng'ono wanga anasiya kusewera. Tsitsi lake linafiira n'kukhala lofewa ngati ndevu za chimanga, mapazi n'kuyamba kutupa. Ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Kusikelo anamuyeza mkono, n'kuuza amayi kuti azimuthirira nsinjiro m'phala kawiri patsiku, osaphonya. Mtedza wodya unali utatha kalekale. Umene unalipo unali wa mbewu, thumba limodzi losasenda, limene amalume analipachika kudenga la nyumba yathu poopa makoswe a kwawo. Mawu amene ananena polipachika ndimawamvabe: “Achemwali, uwu ndiye munda wonse. Njala ilume bwanji, musaukhudze.”

Choncho amayi anatulutsa nthanga za maungu zimene ankasunga m'chikho. Anazikazinga m'phale, anazisinja, anazisefa kawiri, n'kuthira m'phala. Poliona linalibe kusiyana ndi la nsinjiro.

Vuto linali lakuti mwanayo sankatsegula pakamwa ine ndisanalawe. Anazolowera choncho kuyambira ali wakhanda, popeza ankakulira kumsana kwanga amayi ali kuganyu. Supuni yoyamba inkakhala yanga, iye maso ali pamilomo yanga. Ndikameza bwino, iyenso ankameza. Tsiku limenelo ndinalawa, ndinakwinya nkhope, ndipo ndinati, “Si mtedza uwu. Zikununkha maungu.” Mwanayo anakankha supuni, analumanitsa timano take, n'kubisa nkhope pachifuwa cha amayi.

Masiku atatu amayi analimbana ndi lilime langa. Anakazinga nthanga mpaka kutsala pang'ono kupserera. Anathiramo kamchere. Anaponderezeramo nthochi. Anazigoneka m'kamtondo kaja kuti mwina zitengeko fungo la mtedza. Zonsezo ndinkazigwira, ndipo ndinkasangalala ngati ndakhoza mayeso. Anayesa kundituma kuchitsime nthawi yodyetsa mwana, koma iye analira kundiitana mpaka phala linazizira. Mwina mungafunse chifukwa chimene sanangondiuza kuti ndiname. Amayi anali munthu wa tchalitchi, ndipo anali atandikwapulapo chifukwa cha bodza la pensulo yotayika. Ndikuganiza kuti kupempha mwana wawo kuti aname kunkawalemera kuposa kusinja nthanga kakhumi.

Tsiku lachinayi phala linabwera ndi fungo limene ndinalizindikira ndili pakhomo. Ndinalawa n'kufuula, “Lero ndiye mwaphika, amayi!” Mng'ono wanga anadya mpaka kunyambita supuni. Amayi sanamwetulire. Anatenga mbale n'kupita nayo kuseri.

Zinapitirira choncho milungu ingapo. Mapazi aja anaphwa pang'onopang'ono, mwana anayambanso kuthamangitsa nkhuku. Chinthu chimodzi chokha chinkandidabwitsa: amayi ankasenda mtedzawo mosamala kwambiri, kutsegula khoko mbali imodzi ndi chikhadabo, ndipo makokowo sankawataya kudzala kapena kusonkhezera moto monga kale. Ankawatolera pansalu yawo n'kulowa nawo m'nyumba. Ine, katswiri wodziwa zonse za m'mbale, sindinadzifunse ngakhale kamodzi kumene mtedzawo unkachokera.

Mvula yoyamba inagwa madzulo ena a Novembala, dothi n'kununkhira, ngumbi n'kudzaza pabwalo. M'mawa mwake amalume anafika ndi khasu paphewa, akuimba mluzu. Anakwera pampando kuti atsitse thumba lija. Anakonzeka kulandira katundu wolemera, koma thumbalo linangowagwera m'manja ngati mtolo wa udzu. Mluzu unathera pomwepo. Anakhuthulira pamphasa, ndipo phokoso lake linali la makoko okhaokha, kwayakwaya, mtedza weniweni uli apo ndi apo.

“Achemwali, n'chiyani ichi?”

Amayi anagwada chapatali, maso ali pansi. “Mwana amapita, achimwene.”

Amalume anayang'ana mng'ono wanga, amene anali atakhala kale pakati pa makokowo akuwamwaza ndi manja onse awiri, akuseka. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Akanakalipa zikanakhalako bwino. Anangofunsa motsitsa mawu, “Nanga chaka chamawa adzadya chiyani ameneyu? Nanga ana anga aja?”

Tinapita kumunda ndi mbewu yosadzaza n'komwe lichero. Amalume ankakumba mapando, amayi akuponya, ine ndikufotsera ndi chidendene. Mbewu inatha tisanafike pachulu cha pakati pa munda. Mizere yotsalayo, imene awiriwa anaipanga padzuwa mwezi wathunthu, inangokhala yoyang'ana kumwamba. Amalume anatsamira khasu kanthawi, kenako anatsika njira ya kumtsinje osatsanzika. Pakhomo pathu sanapondeponso mpaka chimanga chinacha, ndipo akazi awo tikakumana nawo kuchigayo ankayang'ana kumbali.

Masana a tsiku lobzala lija amayi anandiitanira kuseri kwa khitchini, kumene ankakazinga nthanga. Utsi unkawalowa m'maso, kapena mwina sunali utsi. Anandigwira chibwano ndi zala zotentha n'kundiyang'anitsa.

“Mawa ndithira nthanga. Ukalawa, unene kuti ndi mtedza. Wandimva?”

Ndinati, “Koma aphunzitsi amati wonama sakalowa kumwamba.”

“Tchimolo likhale langa,” anatero amayi. “Iwe ungomeza.”

M'mawa ndinanyamula supuni ija. Fungo la maungu linandifika m'mphuno phalalo lisanafike pakamwa. Mng'ono wanga anali atatong'ola maso pamilomo yanga monga mwa masiku onse. Ndinameza, ndinanyambita milomo, n'kunena mawu amodzi okha: “Mtedza.” Mwanayo anatsegula pakamwa. Anadya mbale yonse tsiku limenelo, ndi mawa lake, ndi masiku onse mpaka maungu atsopano anabereka m'munda. Nthanga zija zinamugwira thupi bwinobwino, ndipo mapazi sanatupenso.

Koma ine ndinapita kusukulu mtima uli wolemera ngati mwala wa mphero. Popemphera m'mawa ndinkangogwedeza milomo, poopa kuti Mulungu andizindikira mawu. Ndinawakwiyira amayi milungu yambiri. M'maganizo mwanga wolakwiridwa panyumba paja ndinali ine, mwana woona mtima amene anamusandutsa wabodza chifukwa cha phala. Tsiku lililonse ndinkadutsa m'mbali mwa munda wa kumtunda, theka likubiriwira, theka linalo litamera chisoso, ndipo ndinkangoti amayi ndi amene anaononga mbewu ya amalume. Sindinkatha kuona kuti ndikanameza mwakachetechete supuni yoyamba ija mu Okutobala, munda wonsewo ukanamera.