Khirisimasi ya mu Julaye ku Bertrams

Ndiulule ndekha uchitsiru wanga musanaumve kwa ena. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti pa Khirisimasi apolisi sagwira munthu, ndipo khomo lililonse limatsegukira mwana. Chinandipusitsa ndi chitini cha mabisiketi chimene amayi ankasungiramo singano ndi ulusi. Pachivundikiro pake panali khola, denga litayera mbee ndi chisanu, khanda lili pa udzu, akuluakulu ataligwadira.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu ku Bertrams, dera la azungu mumzinda wa migodi kunja kwa dziko lathu, ndipo tinkagona m'kachipinda ka kuseri, pafupi ndi mulu wa malasha. Lamulo la nthawi imeneyo silinkalola mwana wa wantchito kukhala kumeneko, ndiye ine ndinali katundu wobisa. Galimoto ikaima pageti ndinkalowa kunsi kwa bedi osauzidwa. Madamu ankadziwa, koma ankayang'ana kumbali. Mpaka lero ndikamva fungo la parafini ngati la kunsi kwa bedi kuja, mawondo amafuna kupinda okha.

Lamlungu amayi ankandizembetsa kupita kutchalitchi cha anthu akwathu, m'galaja ina ku Doornfontein. Aphunzitsi a Sande sukulu, munthu wa mano ochepa koma mawu ngati belu, ndi amene anatiuza tanthauzo la Khirisimasi: Mwana anasowa malo m'nyumba ya alendo, Mulungu n'kumupezera, ndipo kuyambira pamenepo mwana aliyense ali ndi malo. Amalume, amene ankagwira kumgodi, anathirapo mchere wawo. "Pa Khirisimasi mwana sabisidwa, mphwanga. Ngakhale wapolisi amavula chipewa." Amalumewo bodza ankalitulutsa ngati mpweya, koma ine ndinkameza zonse.

Madamu anachokera kudziko lozizira, ndipo ankati Khirisimasi ya thukuta ya mu Disembala si Khirisimasi. Chaka chimenecho anapanga yake mu Julaye, nyengo imene madzi a mu mpopi amaluma zala. Anaimika mtengo pazenera n'kuupachika thonje, nyumba yonse kununkhira nyama yowotcha. Ndinayang'ana chitini, ndinayang'ana chisanu pakapinga, ndinati eya, yeniyeni ija ndi imeneyi. Amayi ali kalikiliki kukhitchini, ine ndinasamba kumaso, ndinavala malaya a Lamlungu, n'kuzungulira kukhomo lakumaso. Ndinagogoda ngati munthu.

Anatsegula ndi mlendo wina, bambo wamtali wovala chipewa cha pepala. Ndinayamba nyimbo imene aphunzitsi anatiphunzitsa, mawu onse kumtunda. Alendo anawomba m'manja, mayi wina anandiika siwiti m'thumba. Kenako bambo wa chipewa uja anafunsa madamu kuti mwanayu ndi wa yani, nanga amagona kuti. Pamenepo ndinaona amayi pakhomo la khitchini, mbale ya msuzi m'manja, ataima chilili, msuzi ukudonthera pa nsapato.

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Loweruka lotsatira anandiveka majuzi awiri, anakhuthula singano m'chitini chija n'kuikamo zotsala za paphwando. "Pita ndi amalume ako ukaone sitima," anatero, akundimanga mabatani. "Madzulo ndikuphikira nyama." Ndinakwera sitimayo ndikudumphadumpha. Dzuwa linalowa, linatuluka, linalowanso, sitima osatembenuka. Ndikafunsa, amalume ankangoti, "Idya bisiketi." Ulendowo unakathera kwathu ku Ntcheu, kumene ndinali ndisanapondeko, ndipo amayi ndinadzawaonanso ndili ndi ndevu.

Zimene madamu ananena phwando lija litatha ndinadzazimva ndili wamkulu: mwana achoke, apo ayi achoke onse awiri, ntchito ithe, ndi pasi yokhalira m'tauni yomwe. Kumudzi kunali pakamwa pambiri podikira ntchito imeneyo. Zonsezi mutu wanga umazidziwa, koma mtima sunapite kusukulu. Madamu ndinamukhululukira, amalume nawonso, poti bodza linali matenda awo. Amayi okha ndi amene ndinawasungira chakukhosi. Aphunzitsi aja anatiuzanso kuti mfumu itafuna kupha Mwana, Mariya anathawa naye limodzi. Sanamukweze bulu yekha n'kubwerera kukatsuka mbale.

Tsopano ndine nkhalamba ya pa fulati ku Joubert Park, ndipo makomo ndimagogoda aliwonse, kungoti satsegula. Julaye wapitayu mdzukulu wanga anaona mtengo wa Khirisimasi pa sitolo ina n'kufunsa ngati eni ake asokonezeka. Ndinawasimbira adzukulu nkhani yonseyi pa chakudya chamadzulo, nyimbo ndi chipewa cha pepala chomwe, mpaka anagubuduzika ndi phwete. Za bulu ndinanenanso, monga ndimachitira.

Akazi anga, amene anadwazika amayi ku Ntcheu mpaka tsiku lomaliza, sanaseke. Anadikira ana atuluke, akupukuta tebulo.

"Abambo, nkhaniyi nthawi zonse mumaithera m'sitima," anatero. "Nyama ija amayi anu anaphikadi. Anandiuza okha akudwala. Anapakula mbale ziwiri."