Mawu otsekeredwa m'laputopu

Amuna anga anali mphunzitsi pasukulu ina kunsi kwa Michesi, ndipo anali ndi laputopu yakale yolemera ngati njerwa. M'menemo ankasungamo mawu a Chilomwe amene ankajambula m'midzi, pogwiritsa ntchito kapulogalamu kamene mnzawo wa kukoleji anawapangira. Matenda atakula anajambulanso mawu awoawo, failoyo n'kuilemba kuti "Kwa make mwana." Anati ndidzamvere iwo akadzapita.

Atamwalira sindinaitsegule. Kwathu katundu wa malemu sagwidwa mpaka wamasiye atasudzulidwa, koma ndisanamizire mwambo. Ndinkaopa basi. Ndinkaona ngati ndikangowamva, andiferanso kachiwiri.

Tsiku logawa katundu, mlamu wanga wa ku Blantyre, katswiri wa makompyuta, anaiyatsa n'kugwira pakamwa.

"Alamu, sisitimu yoyendetsa makinawa eni ake anasiya kalekale kuikonza. Ndi nyumba yopanda chitseko iyi. Mavairasi adzazamo tho!"

Sankanama. Malemu ankalowetsamo fulashi ya wina aliyense, ngakhale ya obena nyimbo kumsika. Ndinati achite zimene akudziwa, bola zinthu za achimwene awo zisasowe. Anakopera mafailo onse bwinobwino, n'kufufuta sisitimu yakaleyo, n'kuikamo yatsopano.

Yatsopanoyo inali yothamanga, yokayikira chilichonse ngati mlonda wa pabanki. Mafailo onse analipo. Koma kapulogalamu kaja inakakana, akuti n'kachikale ndipo wokapanga sakudziwika. Popanda iko mafailowo anali ngati sutikesi yotayika kiyi.

Mlamu anatuluka thukuta. Mlungu wotsatira anabwera ndi sisitimu ina yaulere, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka. Anaitama kuti inamangidwa mwaluso, vairasi salowamo wamba. Ine ndinkangoti eya, eya. Nayonso sinakadziwe kapulogalamuko. Atati abwezeretse yakale ija, kapulogalamuko kanafuna nambala yake yotsegulira, imene inapita ndi zofufutidwa. Wokapangayo tinamva kuti analowera ku Joni, palibe akudziwa kumene ali.

"Mundikhululukire, alamu. Ndimati ndikutetezereni."

Ndinamukalipira mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Ndinati yakaleyo inali yobooka, inde, koma inkawadziwa amuna anga. Lero ndimachita nazo manyazi. Munthu uja analakwa tsiku limodzi, pamene ine laputopu inakhala pansi pa bedi langa chaka chathunthu, ikuyaka bwinobwino.

Failoyo ilipobe. Ndikailoza imandiuza kukula kwake ndi tsiku limene anaijambula, masiku atatu asanagonekedwe kuchipatala.

Mwana wathu wamkazi atafika Fomu 2 anandifunsa tikusenda chinangwa pakhonde.

"Amayi, kodi ababa ananena chiyani muja?"

Mpeni unaima. Ndinati anati uzilimbikira sukulu, ndipo ankakukonda kwambiri.

"Nanga za inuyo anati chiyani?"

Pamenepo bodza linandithera.