Mafuta a Boti Panjira ya ku Lungwena

Bambo anga anamwalira m'mawa kuchipatala ku Mangochi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinali titawasambitsa kale kumzikiti ndi kuwakulunga mu sanda, nsalu yoyera ija. Kwathu kwa Asilamu maliro sagona. Eni akewonso anali atanena kangapo ali chigonere kuti tisadzawasunge mufiriji ngati chambo cha malonda, akadzapita adzagone kwawo ku Lungwena tsiku lomwelo. Uthenga unali utapita kale pafoni, ndipo amuna kumudzi anali atayamba kukumba manda.

Galimoto inali pikapu ya alamu anga, amuna a mlongo wanga, imene masiku onse imanyamula usipa wouma. Inali nkhalamba, chitseko chimodzi chomanga ndi chingwe, koma alamuwo ankaisamala kuposa mmene ankasamalira mlongo wanga, ndipo ndinkawauza pamaso. Tinayala mkeka kumbuyo, n'kugoneka bambo pakati, amunafe tinakhala m'mbali titawagwirira kuti asagwedezeke. Amayi ndi mlongo wanga anakhala kutsogolo. Panalinso amalume, mlongo wawo wa amayi, msodzi wa boti la injini, munthu woti mutha kukhala naye tsiku lonse osamva mawu ena kupatula moni.

Mlatho wa Shire tinaoloka bwinobwino. Titangodutsa Malindi, injini inayamba kugogoda ngati wina akusinja m'katimo, utsi woyera n'kutuluka kumbuyo, kenako zii. Alamu anapotoza kiyi. Sitata inazungulira ndi mphamvu zake zonse, koma injini osalira. Anayesanso, chimodzimodzi. Tinatsika n'kukankha mpaka malaya ananyowa, bambo ali momwemo, ndipo mumtima ndinkawapepesa kuti tikuwagwedeza chonchi pa ulendo wawo womaliza. Sizinathandize.

"Mwaiwala kuthira mafuta basi," ndinatero. Ukali wanga suchedwa, ndipo tsiku limenelo unkafuna pogwera.

Alamu anatsegula boneti n'kuuza mlongo wanga kuti apotoze kiyi, iwo atatchera khutu.

"Batire lili bwino, mwamva mmene ikuzungulirira," anatero. "Ikufuna kulira, koma chimene ikumwa sichikuigwira."

Anapita kukayang'ana kamuvi ka mafuta, ndipo anaima pamenepo kwa kanthawi. Ankadziwa pamene anakasiya m'mawa, koma tsopano kanali pamwamba kuposa pamenepo, chonsecho tinali titayenda mtunda wonsewo. Galimoto siibereka mafuta. Anatenga sipanala, n'kumasula fyuluta yosefa mafuta, n'kudontheza pang'ono m'dzanja. Anafikisa ndi zala, kenako ananunkhiza. Dizilo amaterera ndipo amakhalitsa pakhungu, koma awa anauma tikuona.

"Uyu si dizilo," anatero motsitsa mawu. "Ndi petulo wosakaniza ndi oyilo. Awa ndi mafuta a boti."

Kenako amalume anakonza kukhosi.

"Ndine, akamwini. Ndinathira muli mumzikiti muja. Ndinagula chigubu changa choti ndikalowe nacho panyanja mawa. Ndiye ndinati galimoto isakavutike panjira ndi malemu alamu angawa."

Kwathu thandizo la pamaliro salengeza. Wina amabwera ndi nkhuni, wina ufa, amangotula kuseri kwa nyumba n'kukakhala pansi. Amalume anachita zomwezo. Kwa iwo injini ndi injini, mafuta ndi mafuta, ndipo anapereka chinthu chabwino koposa chimene anali nacho. Ine mtima unandiwawa kwambiri, mawu oipa anafika pakamwa penipeni, koma bambo anali chigonere pambali pathu ndipo pamaso pa maliro sakalipa.

Alamu anafotokoza kuti m'pofunika kukhuthula thanki yonse, kutuma wakabaza kutauni kuti akagule dizilo, kenako kuchotsa mpweya m'mapaipi. Dzuwa likanalowa tili pomwepo. Malole a ku Makanjira amene anadutsa anali odzaza mpaka pamwamba. Amayi anatsika, n'kupita kumbuyo, n'kuika dzanja pa mapazi a bambo. Sanalire, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulira.

Pafupi ndi msewu panali kamzikiti kakang'ono ka njerwa zosawotcha. Bambo wina wachikulire amene anakhala pakhonde pake anabwera, anapereka salamu, n'kufunsa kumene tikupita. Titamuuza, anayang'ana dzuwa, n'kubwerera kumzikiti kuja. Posakhalitsa anatulukira ndi amuna angapo atanyamula jeneza, machira aja onyamulira maliro.

"Aikeni umu," anatero. "Akafika kwawo."

Ndinkaganiza kuti sanamvetse kutalika kwake. Mwambo wosinthana phewa ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, koma wa pakati pa mzikiti ndi manda, pamtunda woti nkhuku itha kuyenda. Kuti munthu anyamulidwe pamapewa kudutsa midzi, ndinali ndisanaonepo.

Tinanyamuka tili ochepa, tikutchula dzina la Mulungu chapansipansi. Tisanafike patali, munthu wina anasiya khasu m'munda mwake, anathamanga, n'kulowetsa phewa pamene panali langa. Wina anasiya ukonde umene ankasoka pansi pa mtengo wa mango. Akabaza ankagoneka njinga m'mbali mwa msewu. Aliyense ankanyamula pang'ono, wina n'kumulandira, iye n'kubwerera kumbuyo kukadikira kuti alowenso. Panalibe wolamula, panalibe woitana, koma jeneza silinatsike pansi ngakhale kamodzi, ndipo linkayenda mofulumira moti ine ndinkachita kuthamangira. Ndikaliyang'ana kuchokera kumbuyo, linkaoneka ngati bwato pamadzi odekha.

Ofika malire a mudzi wawo ena ankabwerera, koma kutsogolo kunali kutaima kale ena, atavala zisoti zawo, ngati anauzidwa dzulo. Ndinaona bambo wina wa mtanda m'khosi akuvula chipewa n'kulowa pamzere, ndipo palibe anamuyang'ana kawiri. Azimayi ankaima m'mbali atafunda nsalu kumutu, ena n'kulowa m'gulu la amayi anga kumbuyo kukawagwira mkono. Alamu, amene sasiya pikapu yawo ngakhale popita kokodza, anaisiya boneti ili yasa n'kutitsatira. Amalume ankalowa pamzere mobwerezabwereza, maso ali pansi.

Ine mwana wawo weniweni ndinkachita kulimbirana malo kuti ndinyamuleko bambo anga. Mantha anandigwira, mantha abwino, ngati amene amandigwira ndikakhala pakati pa nyanja osaona mtunda. Ukali uja sindikudziwa unatsikira pati. Ndinkangolira ndikuyenda, ndipo sindinabise.

Tinafika ku Lungwena dzuwa likadalipo. Ashehe anatsogolera swala, pemphero la maliro, ndipo ndinatsikira m'manda ndi amalume kukawagoneka bambo chammbali, nkhope kuloza ku Maka. Titafotsera, anthu anayamba kubalalika. Ndinazindikira munthu wina amene ndinamuona akulowa pamzere kutali kuja, miyendo yake itayera ndi fumbi mpaka m'mawondo. Ndinapita kukamuthokoza. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Pepani achimwene," anatero. "Kodi tanyamulawa anali ndani?"