Chaka Chimene Ndinawotcha Kove

Chinali chitini cha mafuta ophikira, ndipo bambo anachiboola pansi ndi msomali kuti madzi azigwa ngati mvula. Chogwirira chake chinali cha waya. Ndinkachimiza m'ndowa n'kuthamanga nacho pamizere madzi asanathere m'njira, waya uja akundicheka m'zala. Mpaka lero ndikatula chidebe cholemera ndimayamba ndayang'ana m'manja.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Cuamba, pafupi ndi njanji, koma chaka chimenecho bambo anawatumiza kukagwira ntchito ku Entre Lagos, ndipo kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo. Amayi anali oyembekezera. Tsiku lina atabwera kusikelo ndinawamva akuuza mayi woyandikana nafe kuti namwino wawatsegula chikope n'kupeza m'maso mwayera. "Akuti magazi achepa. Akuti ndizidya masamba tsiku lililonse." Anawapatsanso mapiritsi ofiira, koma ine za mapiritsizo sindinaziike kumutu. Ndinangomva za masamba.

Kuseri kwa nyumba, mu kintale yathu yotchingidwa ndi nsungwi, munali mizere inayi ya kove, ndiwo za masamba aakulu obiriwira zija. Miyendo ya amayi itatupa, kuwerama kunawakanika, ndiye kadimbako kanagwera ine. Ndinkathirira m'mawa ndisanapite kusukulu, madzulo ndithirirenso, madzi kuchita kukatunga pachitsime cha aneba. Amayi akamadya ndinkakhala patsogolo pawo n'kumawasuzumira m'maso, kuti ndione ngati mwayamba kufiira. Ankandithamangitsa. "Choka apa, ukundiyang'ana ngati galu wodikira fupa." Ndinkaseka, koma mumtima ndinali ndi mantha. Kwa ine nkhani inali yosavuta: kove akauma, magazi a amayi atha.

Dzuwa la Okutobala litafika pachimake, kunabwera nsabwe. Ndinatembenuza tsamba limodzi n'kupeza kunsi kwake zadzaza, zotuwa ngati phulusa, tsambalo litayamba kupindika. Ndinazitikita ndi chala mpaka chala chinachita nomenome. Mawa lake zinali pamzere wonse.

Sabata yomweyo amalume anatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, kuchokera ku Ngauma atanyamula ufa ndi kathumba ka zinyenyeswa za fodya. Amalume anali mlimi wa fodya, ndipo kwa iwo kunalibe vuto limene fodya angalephere. Dzino likawawa, fodya. Nkhuku zikagwidwa utitiri, fodya. Anaona kove wanga n'kupukusa mutu. "Dzanja limodzi m'ndowa, ndi kachidutswa ka sopo. Zigone usiku umodzi. Uthire dzuwa litapepa, ukatero papite masiku angapo osathyola." Anandisiyira kathumba konse n'kubwerera kwawo.

Malangizo anali omveka bwino, sindingawanamizire amalume. Koma ine ndinaganiza kuti dzanja limodzi ndi la anthu amene amayi awo ali bwino. Ndinakhuthulira kathumba konse m'ndowa, ndi sopo yense wochapira, n'kuzisiya masiku atatu mpaka madzi anada bii, fungo lake lotsamwitsa. Ndipo sindinathe kudikira madzulo. Nditangoweruka kusukulu, dzuwa lili paliwombo, ndinathira mizere yonse inayi, tsamba lililonse pamwamba ndi kunsi komwe.

Nsabwe zinafadi. Kove nayenso anapsa. M'mawa mwake masamba anali ofiirira, ofota, ena akuthetheka ndikangowakhudza. Amayi anatuluka atagwira m'chiuno, anayang'ana kwa kanthawi, n'kungoti, "Aphukanso." Atatero analowa kukagona.

Ndinayamba kuyenda m'mbali mwa njanji kufunafuna bonongwe, koma mbuzi zinali zitanditsogolera. Mayi woyandikana nafe ankatigawirako chigwada, ine n'kumaona kuti n'chochepa. Amayi akatsokomola, mtima unkandilumpha. Akachedwa kudzuka, ndinkakaima pakhomo la chipinda kumvetsera ngati akupuma.

Sipanathe masabata awiri, amayi anawatengera kuchipatala m'mawa wina, ali pakati pa woyendetsa njinga yamoto ndi mayi woyandikana nafe uja. Bambo anafika mawa lake pasitima. Tsiku lomwelo ndinaona azimayi anayi akuchoka pakhomo pathu ndi khasu, osayankhula, ndipo atabwerako anasamba m'manja n'kubalalika. Amayi anabwera patapita masiku atatu, chitenje cha kapulana atafunda m'mapewa, m'manja mulibe kanthu.

Maliro ndinkawadziwa. Anthu amalira, a kutchalitchi amabwera kudzaimba, pabwalo pamadzaza. Kwathu kunali zii. Palibe analira, palibe anandiuza kanthu, ndipo bambo akadutsa pafupi ndi mizere yopsa ija ankangoyang'ana pansi. Ndinatsimikiza kuti onse akudziwa chimene ndinachita, kungoti asowa pondiyambira.

Ndinadzamva ndili wamkulu, nanenso ndili ndi pakati, kuti mwana wobadwa atafa amakaikidwa ndi azimayi okha, ndipo salira. Ndi tsiku limenelo pamene ndinawauza amayi za fodya uja. Anayamba ndi kuseka, kenako anagwira pakamwa. "Iwe, zaka zonsezi wakhala utasenza zimenezi?" Anati anali malungo, ndipo mwanayo anali atayamba kale kufooka nsabwe zisanabwere n'komwe. Ndimawakhulupirira. Koma ndimakwiyabe pang'ono kuti panalibe wamkulu mmodzi amene anaganiza zokhala pansi ndi kamtsikana kaja n'kukauza mawu awiri okha.

Kove uja anaphukadi, monga amayi ananenera. Timasamba toyamba nditathyola, ndinaphika ndekha n'kukawapatsa pamphasa. Anadyako pang'ono n'kunena kuti, "Wathirira bwino, mwanangu." Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndodo. Ndinatenga chitini changa n'kubwerera kuseri, ndipo ndinapitiriza kuthirira m'mawa ndi madzulo mpaka mvula inagwa. Ngakhale itagwa sindinasiye. Ndinkaima m'matope, waya akundicheka m'zala, kudikira tsiku limene wina adzandiitane n'kundimenya kuti mlandu uthe. Palibe anandiitana.