Flashi ya a Malume Siilowa Muno

Lachiwiri lapitali ndinapalamula mlandu umene kwathu kuno sukhululukidwa msanga. Sindinabe. Sindinatukwane. Sindinadyetse mbuzi m'munda wa munthu. Ndinangouza malume a akazi anga kuti flashi yawo isalowe mu laputopu yathu.

Ndikuona ena mwagwira kale pakamwa. Gwirani ndithu. Ine ndikulemba izi ndili wosalapa.

Kuti mlandu uweruzidwe bwino, dziwani kaye anthu ake.

Woimbidwa mlandu ndine. Ndimakhala ku Zakazaka, ndipo ndimataipira anthu makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi makalata ofunsira ntchito zimene kulibe. Ku koleji ndinapitako, koma ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere m'chaka chachiwiri, aliyense natenga zake. Iwo anatsala ndi digiri. Ine ndinatuluka ndi Chingerezi ndi njala.

Odandaula ndi a Namakhwa a ku Songani, malume enieni a Felesiya, mayi wa kunyumba kwanga. Mwini mbumba. Nkhoswe ya ukwati wathu. Mkulu wa mpingo. Munthu amene akakhosomola pakhonde, ine ndimaimirira ngakhale ndili kubafa.

Laputopuyo ndinaigula kwa mkulu wina mtauni amene analumbira kuti yangotsika kumene m'ndege. Kutsika inatsikadi, koma ndikukayika ngati ndegeyo inali itatera. Batire lake limasunga moto ngati mmene dengu limasungira madzi. Fani yake ikayamba kuzungulira, aneba amathamanga kukaanula zovala poganiza kuti mvula ikutsika m'phiri. Ndinaiwonjezera ramu, ndinasintha diski, ndinamanga chivindikiro chake ndi waya. Ndi nkhalamba, koma ndi nkhalamba yathu.

Ndipo sabata imeneyi nkhalambayi inali itabereka mwana kumsana. Felesiya ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo wakhala akuchita digiri ku yunivesite, kuwerenga anzake akupuma, kulemba atamaliza kuchonga makope a ana a eni. Pulojekiti yake yomaliza inayenera kuperekedwa Lachisanu. Kuphonya Lachisanu kunali kudikira chaka chamawa.

Ndikudziwa, anzeru mwayamba kale: bwanji simunasunge pa imelo? Tinasunga, akuluakulu, khalani pansi. Koma mutu womaliza unali usanathe, ndipo pulogalamu yowerengera manambala a kafukufuku wake ili mu laputopu momwemo. Anatiikira ndi mnzake wa m'kalasi amene pano ali ku Karonga. Laputopu ikanagona, pulojekiti ikanagona nayo.

Tsono flashi ija.

A Namakhwa amaivala m'khosi pa chingwe cha nsapato, kunsi kwa tayi. Kachivindikiro kake kanatayika kalekale. Yayenda flashi imeneyi. Yalowa mu kompyuta ya pa Songani imene amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu. Yalowa ku situdiyo yojambula zithunzi, ku ofesi ya sukulu, m'makompyuta a adzukulu onse amene anapezako ntchito. Pa banja lathu tinaipatsa dzina, koma timalitchula monong'ona: Napolo. Ikadutsa, pamatsala miyala yokhayokha.

Pa Pasaka inalowa muno. Mafoda anga onse anasanduka timivi tolozera kumene kulibe kanthu. Makadi a ukwati wa anthu anapita. Ndinanyamula nkhalamba yanga mpaka kwa wokonza makompyuta wa pafupi ndi msika, munthu wa mankhwala amodzi: kufomata, kufufuta zonse n'kuyambiranso. Sikirini yathima? “Tiifomate, bwana.” Mausi yakana? “Tiifomate, bwana.” Mutamupititsira mwana wodwala malungo, musamusiye naye yekha.

Msuweni wa Felesiya wogwira ntchito m'boma nayenso analirapo. Kodi alipo anawauza a malume? Palibe. Aliyense amalandira flashiyo ndi manja awiri, n'kuilowetsa akumwetulira, kenako n'kukalira kwa wofomata.

Pulogalamu yoteteza ku mavayirasi ndili nayo, musandifunse. Inasiya kudya bandulo kalekale, ndipo pano ili ngati mlonda wokalamba amene akuba amamupatsa moni polowa.

Lachiwiri masana a malume anafika. Tinalonjerana bwinobwino, anatiuza za mvula ndi za amene akudwala, tiyi anabwera ndi mbatata. Kenako anamasula batani la shati, napisa dzanja kunsi kwa tayi.

“Akamwini, tandiikirani zithunzi munajambula pa chiliza cha mayi zija. Mawa kukubwera abale a ku Mozambiki. Ndikufuna akaone pa kanema kuti ife kuno sitinagone.”

Felesiya anali atagwada pambali. Anadzuka, anapita pa tebulo, ananyamula laputopu ndi manja awiri ngati madzi osamba m'manja. Pobwera anandiyang'ana kamodzi. Amene muli pa banja mukukudziwa kuyang'ana kumene kumanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: “musayerekeze” ndi “ndipulumutseni”.

Ndinasankha chachiwiri.

“A malume, pepani. Flashiyo siilowa muno.”

M'nyumba munati zii. Ngakhale fani inagwira mpweya.

“Mwati bwanji, akamwini?”

“Ndati siilowa. Ili ndi vayirasi.”

Anaitembenuza uku ndi uku, anaipenyetsetsa, anaiuzira. “Ili pati? Tandilozerani.”

“Siioneka ndi maso, a malume.”

“Nanga inu mwaiona bwanji? Mwayamba kuombeza?”

Musaganize kuti ndinangoumitsa khosi. Ndinapereka njira, imodzi ndi imodzi, mwaulemu ngati wopereka chopereka. Ndinati ndiwatumizire pa foni. Anatulutsa kafoni kawo kamabatani. “Aka kamadziwa moni ndi maliro basi.” Ndinati ndiwagulire flashi yatsopano. “Ndine wopemphetsa ine? Iyi anandipatsa ndi abusa.” Ndinati adikire Loweruka. “Abale anga achoke ku Mozambiki kudzadikira makina a mkamwini?”

Pamenepo ndinaponda pa moto. Ndinati mwina tikaitsukitse kaye mtauni.

“Kutsuka! Felesiya, wamva? Amuna akowa akuti malume ako ndi auve.”

“Sananene choncho, malume.”

“Ndagontha ine? Iwe ndinakupereka ndekha kwa munthu ameneyu, alibe ndi mpando womwe.” Ananditembenukira. “Inuyo, amene sukulu munaisiya panjira, lero mwakhala dokotala wa zinthu zanga?”

“Ndinaisiyadi panjira, a malume. N'chifukwa chake sindikufuna kuti m'nyumba muno tikhale awiri.”

Anabweza Napolo kunsi kwa tayi, anamanga batani, anaimirira. Tiyi anamusiya wosatha. Mukudziwa nokha kuti mkulu akasiya tiyi ndi mbatata yomwe, nkhani yafika ku likulu.

Felesiya anawaperekeza mpaka pa msewu. Atabwerera anaima pakhomo.

“Mwandichititsa manyazi.”

“Eya.”

“Mukanangonena kuti tchaja yapsa.”

“Laputopu ili chiyakire m'manja mwanu?”

“Mukanati mwaiwala pasiwedi! Anthu amatero!”

Anthu amaterodi. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikambirane, inu ndi ine.

Kwathu kuno bodza lili ndi ulemu kuposa “ayi”. Tili ndi nkhokwe yodzaza ndi mawu othawira mawu amodzi amenewa. Tiona. Ndikuimbirani. Mubwere mawa. Kiyi wapita ndi mwana. Munthu amalolera kuti magetsi azime m'nyumba mwake mokha, dera lonse likuwala, kusiyana n'kuti auze mkulu kuti izi sizitheka. Ndipo bodza likasowa, timangopereka khosi.

Pitani m'maofesi. Bwana abwera ndi flashi ya mafilimu a ana awo, akufuna aione pa kompyuta imene muli ntchito ya anthu onse. Mlembi akudziwa bwinobwino chimene chichitike. Amati chiyani? “Lowetsani, bwana.” Mawa lake ife tikafika pa windo timauzidwa kuti sisitimu yagwa. Sinagwe. Anaigwetsa ndi ulemu.

Mlamu akugulitsani laputopu imene imazima mukangoitsokomolera. Kodi mumaibweza? Ayi. Mumaiika pa kabati, n'kuivundikira kansalu koluka, ndipo mlamuyo akabwera mumati ikugwira bwino kwambiri. Iye amapita kukagulitsa ina kwa azakhali.

Dalaivala wa minibasi akununkha mowa, tonse tamva, tonse takhala chete, aliyense akudikira kuti wamwano wina alankhule. Akalankhula, timamuyang'ana ngati ndiye waledzera.

Akale anati manyazi anapha lambe. Lambeyo sindinamuonepo, koma ndikukhulupirira kuti anali ndi kompyuta ndi malume.

Musandimve molakwa. Ine kugwada ndimagwada. Chipewa ndimavula. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi ya a malume, ndipo sindinadandaulepo. Ulemu wotere umatuluka m'thumba mwanga. Koma Lachiwiri ulemu umene unkafunidwa unali wolipira ndi thukuta la munthu wina. Zaka za Felesiya sizinali zanga kuti ndizipereke ngati mbatata. Sizinali za a malume. Ndipo mwini wake, chifukwa cha mmene tinaleredwera tonsefe, analibe pakamwa poti akanire. Ndiye nditani ine? Ndiombe m'manja?

Lachitatu m'mawa ndinagula flashi yatsopano, ndinaikamo zithunzi zonse, ndinakwera minibasi mpaka ku Songani. A malume sanatuluke. Akazi awo anailandira pakhomo ngati akulandira samani ya ku khoti. Ndamva kuti alendo anaona zithunzi, anayamikira chiliza, ndipo anauzidwanso za mkamwini wa ku Zakazaka.

Pa gulu la pa foni la banja kunali msonkhano wa chitsitsimutso. “Akamwini a masiku ano.” “Sukulu yosatha ndi yoopsa.” Amene analemba motalika kwambiri za ulemu, ndi vesi lomwe, anali msuweni wa m'boma uja, yemwe Napolo anamudyera mafayilo a ku ofesi. Ine sindinayankhe. Ndinali kalikiliki kupepesa fani kuti ipirire mpaka Lachisanu.

Inapirira. Lachisanu, nkhungu itaphimba phiri, Felesiya ananyamula pulojekiti yake yomangidwa bwino m'jumbo, napita. Atabwera anakhala pa mpando, anavula nsapato, anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Zikomo sananene. Inenso sindinafunse. Pa banja pali zikomo wina amene amabwera ngati dzira lowonjezera m'mbale.

Madzulo foni yake inalira. A malume. Anagwada pansi, monga amachitira nthawi zonse, ngakhale a malumewo ali ku Songani ndipo sangamuone. Foni yake imamveka pa sipika pokha, choncho ndinamva zonse popanda kuba.

“Felesiya, Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, amuna akowo abwere kuno. Ankhoswe a kwawo ndawauza kale.”

“Chabwino, malume. Koma ndinene mawu amodzi.”

“Nena.”

“Flashi ija ikudwaladi. Pa Pasaka inapha zinthu muno. Inaphanso kompyuta ya asuweni aja ku ofesi. Tonse timadziwa.”

Kunamveka nkhuku za ku Songani zokha.

“Nonse?”

“Eya, malume.”

“Ndi uyo ndamva kuti walemba vesi uja?”

“Eya.”

“Kuyambira liti?”

“Kalekale.”

Anapuma mozama. Atalankhulanso, mawu awo sanali a mwini mbumba. Anali a munthu wamkulu amene wauzidwa madzulo kuti tsiku lonse wayenda mumsika thalauza litang'ambika kumbuyo.

“Dzulo ndinali nayo ku tchalitchi. Ndinaipereka kwa mlembi wa kwaya kuti aike mu kompyuta yawo, mmene muli nyimbo zonse zimene akhala akujambula zija. Anailandira ndi manja awiri. Ndiye nonsenu mumandiona ndikuyenda nayo m'khosi, n'kumandigwadira?”

Foni inaduka.

Musafulumire kundiveka nkhata ya maluwa. Mlandu wanga sunathe. Uthenga wabwera woti Lamlungu ndikayankhebe, osati pa zimene ndinanena koma pa kanenedwe kake. Ndipita. Ndisita shati, ndikakhala pansi, ndikaomba m'manja mpaka aliyense akhutire. Akafuna nkhuku, nkhuku ipezeka. Koma akafuna kuti ndinene kuti ndinalakwa, tikagona konko.

Gulu la pa foni lija lati zii kuyambira Lachisanu, funso la a malume litawafika. Funso la a Namakhwa palibe walitola. Ndiye ndalibweretsa kwa inu akatswiri a ulemu, tawayankhani mkuluyu. Pakati pa mkamwini amene anawakaniza pamaso, ndi mbumba yonse imene inkawagwadira, anawanyoza ndani?