Nkhuku Zodikira Mlendo wa ku Mangochi

Lamulungu lililonse kwathu ku Nairobi tinkawotcha nkhuku ziwiri mu uvuni, mbatatesi zili m'mbali. Amayi ankagula nkhukuzo zamoyo ku Kangemi Loweruka, ndipo zinkagona m'bafa miyendo ili yomanga. Abambo ankagwira ntchito ku bungwe lina ku Westlands, ndipo Amalawi ophunzira m'makoleji amumzindawo ankadziwa kuti Lamulungu kwathu kumanunkhira. Ankadzaza pabalaza mpaka ena kukhala pansi.

Koma nkhukuzo sankazinga munthu wamba. Ankazinga ndi achimwene ena a ku Mangochi, Asilamu, kuti aliyense adye momasuka. Ankafika m'mamawa tisanapite kutchalitchi.

Tsiku lina oyendetsa matatu, maminibasi a kumeneko, ananyanyala ntchito. Tinabwerako kutchalitchi n'kupeza nkhuku zikulirabe m'bafa, uvuni uli zii. Njala yake! Abambo ananola mpeni mokwiya. "Kodi ine sindingazinge nkhuku m'nyumba mwanga?"

"Mungathe, bambo," anatero amayi ataima pakhomo pa bafa, "koma mwana wa eni ake adya chiyani akafika?"

Dzuwa litapendeka tinamva kugogoda pageti. Ndinathamanga ndikukuwa, "Afika! Afika!" Anali atayenda wapansi kuchokera kukoleji kwawo, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Sanamwe ndi madzi omwe. Anangopinda malaya n'kupempha mpeni.

Mafuta atayamba kuthetheka mu uvuni, fungo linafika mpaka kwa aneba. Pogawa, ntchafu yoyamba abambo anaiika okha m'mbale ya achimwenewo.